Chitseko Chotsegukira Kunja

"Miyezi itatu, Maybin. Miyezi itatu yathunthu uli kumangira nyumba chigubu cha mafuta."

"Si chigubu. Ndi thiransifoma."

"Chili ndi mafuta mkati?"

"Chili nawo."

"Chili ndi chivindikiro?"

"Estina..."

"Ndiye ni chigubu. Ndipo chigubucho chili ndi mwayi kuposa anthu ena. Unachipimira pogona, unachiganizira denga, mpaka pulani ya mapepala awiri. Ena tingoperekeza anthu mpaka pa mango pano tsiku na tsiku, manje nsapato zayamba kutha."

Maybin anafuna kuseka, koma nkhope ya Estina sinali yoti munthu aseke nayo. Anali ataima pansi pa mtengo wa mango kumapeto kwa bwalo la Ba Ketrina, mayi ake a Estina, pomwe kuperekezana kwawo kunkathera masiku onse. Dzuwa linali litalowa kalekale. Njinga ya Maybin inali itatsamira pamtengopo, tayala lakumbuyo litaphwa, ndipo pachiwongolero pankalendewera kachidutswa ka paipi momwe ankasungamo mapepala ake atawakulunga bwino.

"Mawa akangosaina, ndili ndi mawu oti ndikuuze," anatero Maybin.

"Mawu ake amafuna siginecha ya injiniya?"

"Si choncho. Ndifuna ndiyambe ndakhala munthu."

"Manje ndiwe chani? Mbuzi?"

Mnyamatayu anabwera kuchokera ku Petauke atamaliza kosi ya zitsulo ndi kujambula mapulani ku Lusaka. Anamuitana ndi a kopaletivi ya alimi a tomato kuseri kwa Mpanshya, amene anali atangogula thiransifoma yaikulu yoti iziyendetsa mapampu othirira madimba. Chinthucho chinafika pa lole, chotuwa, chokhala ndi nthiti zachitsulo mbali zonse, m'mimba mwake mutadzaza mafuta oziziritsa mawaya. Mafutawo ndiwo anali vuto. Mbava zinali zitakhetsa kale mathiransifoma awiri m'mbali mwa msewu wa ku Chipata, ena n'kumati mafutawo amakathera m'ziwaya za tchipisi m'tauni, ndipo thiransifoma yokhetsedwa mafuta sichedwa kupsa. Choncho alimi aja anamuuza Maybin chinthu chimodzi chokha: timangireni nyumba yoti ngakhale khoswe asalowe.

Iye anachitadi zomwezo. Makoma a mabuloko odzaza konkire. Denga la silabu ya konkire. Zenera ayi, koma timabowo tinayi tonga chibakera pansi pa denga. Chitseko chachitsulo chokhuthala, chotsegukira mkati monga chitseko cha nyumba ina iliyonse kuyambira ku Chinyunyu mpaka ku Luangwa, kuti mahinjesi abisale mkati, wakuba asapeze pogogoda. Aliyense woona pepalalo ankati apa pokha mbava zauma. M'mawa mwake injiniya amene a kopaletivi anamulemba ankadutsa pa mphambano ya Mpanshya ulendo wa ku Chipata. Anali atanena pa foni kuti adzaima mphindi zisanu basi, adzasainira pa boneti ya galimoto, ndipo akasaina amisiri ayamba kudula zitsulo tsiku lomwelo.

Woti azilowa m'nyumbamo Lolemba lililonse kukawerenga geji ya mafuta anali atasankhidwa kale. Anali Estina, chifukwa ndiye anakhoza bwino samu ku giredi twelofu, komanso sankaopa chilichonse kupatula achule. Ba Ketrina okha ndiwo sanakondwe. Nkhani ya thiransifoma ikayamba pabwalo, iwo ankanyamuka kukaona nkhuku zoti zagona kale, ndipo pulani ya Maybin sanaiyang'anepo ndi diso limodzi lomwe.

"Gona kwa ba tcheyamani a kopaletivi, unyamuke mbandakucha," anatero Estina, mawu atafewako pang'ono.

"Ndi tayala ili? Ndikagona kuno ndimupeza atapita."

"Ndiye usadzere kumlatho. Zungulira msewu wa kumishoni."

"Wozungulirawo ndi maola awiri, Estina."

"Kumlatho kuli njoka."

"Nyengo ino njoka zili paliponse."

"Ndati usadzereko."

"Chabwino."

Anati chabwino monga amanenera anyamata akadziwa kale kuti sachita. Estina anamuyang'ana, natembenuka osatsazika, ndipo chitenge chake chachikasu chinaoneka kanthawi mumdima kenako chinazimirira pakhomo.

Wina angaganize kuti munthu wokangana ndi wokondedwa wake amayenda mtima uli pansi. Maybin ayi. Ankakankha njinga yake akumwetulira yekha, chifukwa mtsikana sadandaula za nsapato pokhapokha akufuna kuti ulendo ufike penapake. Mwezi unali utatuluka pamwamba pa mapiri, wofiirira ndi utsi wa lupsa. Kutali, moto wa m'tchire unali utazungulira phiri lina ngati mkanda. Nthaka inkabwezabe kutentha kwa masana, ndipo mphepo inkanunkhira udzu wopsa ndi maluwa a mango. Galimoto zazikulu za pamsewu wa tala zinkamveka pang'onopang'ono, zikubuula pachitunda.

Iye ankamanga nyumba ina m'mutu. Zipinda ziwiri poyamba, chachitatu pambuyo pake. Khonde loyang'ana kum'mawa. Pabwalo simenti yosalala, kuti achule asapeze pobisala. Anayesanso mawu aja kulankhula ndi chiwongolero cha njinga, kuti Estina, ine kuyambira tsiku lija unandigwirira tepi yopimira... Koma ngakhale pamaso pa chiwongolero, mawuwo anamuthera pakati.

Atafika pomwe njira imagawikana, sanaime n'komwe. Anakhotera kumanzere, kumlatho.

Njirayi anali asanaiyendepo. Inkatsika pakati pa nsungwi mpaka pa kamtsinje kouma, pomwe panali kamlatho ka konkire kopanda zogwirira. Kutsidya kwake kunali chinyumba chaching'ono chakuda ndi mwaye, chimene ankachiona patali akamapima malo a kopaletivi, n'kumachiyesa chigafa chakale cha fodya.

Choyamba chinali fungo. Mafuta otentha. Osati ophikira, osati a galimoto. Fungo lija anali kulidziwa kuchokera ku wokoshopu ya ku Lusaka, la thiransifoma yomwe yagwira ntchito tsiku lonse.

Kenako kulira. Pansipansi, mmmm, kosadukiza.

Maybin anakweza maso kufuna mawaya. Kunalibe waya. Kunalibe ngakhale pholo.

"Wachedwa, mnyamata."

M'mphepete mwa kamlathoko munali mutakhala munthu, miyendo ili lende. Anali bambo wamsinkhu wapakati, wovala ovolosi yabuluu yopindidwa m'mikono, ndipo m'khosi mwake munkalendewera pensulo yomangidwa ndi waya wofiira. Mawu ake anali ofatsa, a munthu amene wangoweruka kumene, moti mtima wa Maybin, umene unali utalumpha, unabwerera pamalo pake.

"Mwachoma bwanji, atate? Njinga yandikana."

"Mu paipimo muli pulani."

"Mwadziwa bwanji?"

"Mmene wainyamuliramo. Tiye tione."

Munthu amene wajambula chinthu miyezi itatu safuna kupemphedwa kawiri. Maybin anagoneka njinga, natambasula pepalalo pa konkire. Atati ayatse tochi ya pa foni, bambo uja anakweza dzanja.

"Zimitsa. Ndiona."

Anayang'ana nthawi yaitali. Maybin atakhala pambali pake anamva kutentha, monga umamvera ukakhala pafupi ndi khoma limene lawombedwa dzuwa tsiku lonse. Anati mwina ndi konkire.

"Dzanja lako ndi labwino," anatero bamboyo. "Mizere yoyera. Manambala omveka."

"Zikomo, atate."

"Koma wamanga uvuni."

Chimwemwe cha Maybin chinaphwa ngati tayala lake lija.

"Mafuta amapuma, mwana wanga. Amatenga kutentha kwa mawaya n'kupatsa nthiti izi. Nthiti zimapatsa mphepo. Manje mphepo yako ili kuti? Timabowo tinayi? Nyengo ino?"

"Mbava, atate. Anthu ati ngakhale khoswe asalowe."

"Mbava." Bamboyo anaseka pang'ono, kuseka kopanda mano. "Ifenso tinkaopa mbava."

Anakoka pensulo ija pa waya wake, nayamba kulemba pamwamba pa mizere ya Maybin osapempha. Anatsegula khoma lakum'mawa pansi penipeni, natsegula lakumadzulo pamwamba, kuti mphepo yozizira izilowera kumapazi, yotentha izitulukira kumutu. M'mipatayo anajambulamo zitsulo zopendekera pansi, zosanjikizana ngati nthenga za nkhuku, kuseri kwake waya wa sefa, kuti paipi ya wakuba ikalowa izikhotera pansi osafika pa thanki ya mafuta. Anafutukula makoma kuti munthu azizungulira thiransifoma atatambasula manja osakhudza kanthu. Pansi pake anakumba dzenje, nalidzaza timiyala.

"Mafuta akatayika azimira m'miyala. Akayenderera pa simenti, moto umayenda nawo."

Maybin anangoti kukamwa yasa. Zina mwa izi anaziphunzira ku kosi, ndithu anaziphunzira, koma mantha a alimi aja anali atazikankhira kunja kwa pepala limodzilimodzi. Manyazi anamugwira, koma pansi pa manyaziwo panali chisangalalo, chifukwa nyumbayo tsopano inkaoneka ngati chinthu chamoyo.

"Munagwirako za malaiti, atate?"

"Azilowamo ndani?" anafunsa bamboyo, ngati sanamve.

"Estina. Mwana wa Ba Ketrina, kumtunda uku."

Pensulo inaima.

Kulira kuja, kumene Maybin anali atakuiwala, kunakwerako pang'ono.

"Watalika?"

"Amandifika apa," anatero Maybin, akuloza khutu lake.

"Akali kuopa achule?"

"Kwambiri. Dzana anasiya ndowa kuchitsime chifukwa cha kamodzi kakang'ono chonchi. Mumamudziwa?"

"Ndinkamudziwa ali wamfupi."

Pali zinthu zimene munthu amalephera kuuza mnzake wapamtima, koma n'kuzikhuthula kwa mlendo wa panjira. Mwina unali mwezi uja, mwina kufatsa kwa bamboyo. Maybin anangozindikira akulankhula. Anafotokoza za tsiku limene Estina anamugwirira tepi n'kumuuza kuti walakwitsa ndi masentimita anayi, ndipo analidi atalakwitsa. Anafotokoza za zipinda ziwiri zija ndi khonde loyang'ana kum'mawa. Mawu amene anakanika pamaso pa chiwongolero anatuluka okha, onse, mpaka kumapeto.

Bamboyo anamvetsera atawerama.

"Osauza ine," anatero pomaliza. "Uza mwini wake."

Chala chake chinayenda papepala, chinadutsa makoma, chinadutsa dzenje la miyala, chinakaima pa kamzere kokhota kosonyeza mmene chitseko chimatsegukira.

"Ichi?"

"Chitseko, atate."

"Chitsegukira kuti?"

"Mkati. Kuti mahinjesi..."

Maybin sanamalize. Pomwe panali chalacho, pepala linkasintha mtundu. Linayamba chikasu. Kenako lofiirira, ngati chimanga chimene chaiwalidwa pamoto.

"Bwera," anatero bamboyo.

Anaimirira. Maybin sanafune kumutsata, koma miyendo inatsata. Anawoloka kamlatho. Fumbi la njirayo linali lofewa ngati ufa, ndipo mwezi unkaonetsa chilichonse. Mapazi a Maybin ankasiya zidindo. Za bamboyo panalibe.

Anaima pa chinyumba chakuda chija. Sichinali chigafa. Makoma a mabuloko. Denga la silabu, long'aluka pakati. Timabowo tonga chibakera pansi pa denga. Chitseko chachitsulo, chadzimbiri, chopanda hinjesi yooneka kunja.

Maybin ankayang'ana pulani yake itaimirira.

"Kankha."

Anakankha. Chinatseguka mosavuta, osalira n'komwe.

"Lowa."

"Atate, ine..."

"Estina azilowa Lolemba lililonse. Lowa kamodzi."

Analowa. Phazi limodzi. Lachiwiri. Pansi panali phulusa lofewa.

Kumbuyo kwake chitseko chinabwerera chokha... gu!

Mdima. Fungo lija linamutseka pakhosi. Kulira kuja tsopano kunali m'makoma, m'mano mwake, m'mafupa. Kumsana kunayamba kutentha. Anatembenuka. Anagwera chitseko ndi manja onse awiri. Anakankha.

Sichinasunthe.

Anakankha ndi phewa. Anamenya ndi bondo. Kutentha kunakwera m'khosi. Anafuula, mawu osatuluka. Anabwerera m'mbuyo, nadziponya pachitsulocho ndi thupi lonse... kamodzi... kawiri...

Pamenepo mawu aja anamveka, pafupi ndi khutu lake, odekha ngati poyamba.

"Koka, mwana wanga. Koka."

Zala zake zinafufuza, zinapeza kachitsulo kogwirira. Anakoka. Chitseko chinabwera kwa iye mopepuka ngati cha kabati, ndipo anagwera kunja chafufumimba, m'fumbi, pansi pa mwezi.

Kunali zii. Kulira kunalibe. Fungo linalibe. Mphepo yozizira inkagwedeza nsungwi.

Iye amene anajambula chitseko chotere ndi dzanja lake, amene ankadziwa bwino lomwe kumene chimatsegukira, anali atakankha. Ndipo kumsana kwake kunalibe moto weniweni.

"Atate?"

Palibe anayankha. Pa kamlatho panali njinga yokha ili gone, ndi pepala lija, litatsindikizidwa ndi mwala kuti lisauluke. Kamzere kokhota kaja kanali katakhwatchidwa, ndipo kena kanajambulidwa kokhotera kunja, kali ndi muvi wa nthenga kumchira. Pambali pake panali mawu a pensulo: KUNJA. Wotcherera mitu ya mahinjesi, wakuba sagogoda. Loko wa mkati akhale wongokankha. Pansi pa mawuwo panali chidindo cha chala chamafuta. Maybin atachikhudza, chinali chikali chofunda.

Anasiya njinga pomwepo. Anathamanga kubwerera kumene anachokera, pepala lili pachifuwa, osacheuka mpaka anaona mtengo wa mango uja.

Anatsegula ndi Ba Ketrina, nyale ya sola ili m'manja. Chitseko chawo chinakhulana ndi simenti pomwe ankachikokera mkati, ndipo Maybin anachiyang'ana ngati sanaonepo chitseko chibadwire.

"Ba Maybin, kwagwanji? Mwagwa panjinga?"

Estina anatulukira kumbuyo kwa mayi ake atadzifunda chitenge. Anaona fumbi, anaona phulusa m'mawondo, ndipo nkhope yake inasintha.

"Wadzera kumlatho."

"Ndadzerako."

Anamukhazika pampando, namupatsa madzi. Atapezako mpweya anafotokoza pafupifupi zonse monga zinachitikira, kuyambira fungo la mafuta. Atatchula pensulo ya pa waya wofiira, Ba Ketrina anaika nyale ija patebulo pang'onopang'ono, monga munthu amaikira dzira.

"Ndipatseni pepalalo."

Kanali koyamba kuligwira. Analiyang'ana pafupi ndi nyale, chala chawo chikutsata muvi wa nthenga uja. Kenako analowa kuchipinda. Kunamveka kukoka kwa sutikesi yachitsulo pansi pa bedi, ndipo anabwerako ndi pepala lina, lakale, long'ambika m'mapindo. Analiyala pambali pa la Maybin.

Inali pulani ya chinyumba chija. Mivi yake yonse inali ndi nthenga kumchira. Zilembo zinali zomwezo. Kamzere ka chitseko kanali kokhotera mkati.

"Waya wofiirawo ndinawamangira ndine," anatero Ba Ketrina. "Ankataya mapensulo tsiku lililonse. Ba Gershom amenewo, bambo ake a uyu."

Estina anagwira m'mphepete mwa tebulo.

"Kale kunali mapampu kumtsinje kuja, a gulu lina la zamasamba. Nyumba ya thiransifoma yake anajambula okha, namanga okha, ndipo ankanyadira kuti chimangire palibe wakuba analowapo. Tsiku lina nyengo ngati ino, masana dzuwa lili pamutu, anamva kuti chinthucho chikulira mosiyana ndi masiku onse. Analowa kuti akaone. Chitseko chinabwerera chokha. Kenako thanki inaphulika. Anthu a m'madimba anathamanga. Amuna anayi ankakankha kunja kuti atsegule. Iwo mkati ankakankha kuti atuluke. Ndipo anali amphamvu, Ba Gershom. Mwezi uno zakwana zaka khumi ndi ziwiri."

Kunja tambala wina wosokonezeka analira nthawi isanakwane.

"Simunandiuzepo za chitseko, amayi," anatero Estina. "Munangoti moto."

"Unali ndi zaka eyiti, uli kwa azakhali ako ku Shikabeta. Ndikanakuuza kuti chani?" Ba Ketrina anapukuta m'maso ndi nsonga ya chitenge, kenako, mosayembekezeka, anaseka pang'ono. "Zaka zonsezi sanandibwerereko ngakhale kumaloto. Lero amva kuti kuli pulani yolakwika, adzuka. Munthu uja ndi ntchito, ayi ndithu."

Anasisita chidindo cha mafuta chija ndi chala chawo chachikulu, nachisiya pomwepo kanthawi.

"Ba Maybin, muli ndi pepala lina loyera?"

"Lili mu paipi, amayi. Kumlatho."

"Estina, kang'ambe kalendala ija, kuseri kwake n'koyera. Jambulani pompano. Ndifuna ndione ndi maso anga kumene chitsegukira."

Maybin anajambula mpaka nyale inayamba kufooka. Estina ankagwira rula, nawerenga manambala mokweza, ndipo kawiri konse anamugwira Maybin atalakwitsa. Ba Ketrina sanapite kukaona nkhuku. Anakhala pomwepo mpaka kamzere kokhota kanajambulidwa, kokhotera kunja, ndipo atakaona anagwedeza mutu, napita kukagona.

Kum'mawa kutayamba kufiira, Estina anatulutsa njinga yake, nayenda naye mpaka pa mtengo wa mango. Mpweya unali wozizira bwino. Kumunsi, ku madimba, wina anali atayamba kale kuthirira ndi ndowa.

"Udzere msewu wa kumishoni," anatero Estina. "Ukapalasa bwino umupeza."

"Ndidzera komweko."

Estina sanasiye chiwongolero.

"Ananena china chake? Za ine?"

"Anafunsa ngati watalika. Ndinati umandifika apa. Anafunsanso ngati ukali kuopa achule."

Estina anaseka, misozi ikutsika, osaipukuta.

"Unawauza za ndowa ija?"

"Ndinawauza."

"Wabodza iwe, kanali kachule kakakulu." Anayang'ana pansi, nakanda fumbi ndi chala cha kuphazi. "Chinanso unawauza chani? Amayi ali pompaja unalumpha penapake. Ndinaona."

"Ndinawauza zimene ndifuna."

"Iwo anati bwanji?"

"Anati osauza iwo. Anati uza mwini wake."

"Mwini wake ali pano. Kapena tidikire siginecha?"

Maybin anayang'ana kalendala yokulunga ija m'dzanja lake, yosasainidwa, yoti mwina injiniya aikana chifukwa kuseri kwake kuli chithunzi cha feteleza. Anaiika mu basiketi ya njinga. Anagwira chiwongolero pomwe panali manja a Estina, ndipo ulendo uno mawu sanathere pakati.

"Ndifuna iwe, Estina. Asaine asasaine, sabata la mawa ndituma amalume anga kuchokera ku Petauke adzaonane ndi amayi. Ndifuna kukukwatira."